Chidindo cha Abambo pa Mkanjo wa Kazembe

Wokondedwa mlongo wanga Fulumira,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi mkazi wako ndi ana. Kodi msana uja unasiya kukuvuta? Kuno tili bwino, kungoti maso anga tsopano akufuna magalasi awiri, ena owerengera, ena oyendera. Alamu ako nawonso ali bwino, akadali kulimbana ndi wailesi yawo yakale ija.

Usadabwe kuti ndalemba papepala pamene foni ilipo. Masabata atatu wakhala ukuimba, ine n'kumangoiyang'ana ikulira patebulo mpaka kutopa yokha. Ndikanayankha, ndikanalira kapena kukulalatira, iwe n'kuyamba kuseka monga umachitira ukapalamula. Pepala silidula munthu mawu.

Ndiyambe ndi zakale. Ukukumbukira Loweruka lina masana m'kachipinda ka kuseri kwa shopu ya abambo yokonzera mawotchi? Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, iwe khumi ndi zinayi. Tinali titayala nyuzipepala pabenchi, ndipo ndinali nditangomaliza kupaka penti mkanjo wa Kazembe, kamsilikali kapulasitiki kaja kotalika ngati chala changa chaching'ono, mtsogoleri wa gulu lathu lonse lankhondo.

Abambo analowa kudzatenga mafuta a mawotchi, kagalasi kawo kokuzira zinthu kali padiso. Ataona Kazembe anamunyamula kuti amuonetsetse. Tonse awiri tinawauza kuti sanaume, koma madzi anali atatayika kale. Pomuika pansi, chala chawo chachikulu chinali chitadinda pamkanjo, mizere yonse ikuoneka bwinobwino, pamodzi ndi chipsera chija cha lezala chodutsa pakati.

Sanapepese. Anayang'ana chala chawo chobiriwiracho, nati, "Basi, ndasainira. Nkhondo iyambike." Anatuluka akupukutira chalacho pathalauza, amayi n'kudzawakalipira pochapa zovala.

Ine ndinapsa mtima. Ndinanyika kansanza mu thina, mankhwala aja osungunulira penti, kuti ndifufute mkanjo wonse ndiyambirenso. Iwe unandigwira mkono. Unati ndisayerekeze, chifukwa padziko lonse palibe gulu lina lankhondo losainidwa ndi wokonza mawotchi. Tinalimbana mpaka thina kutayikira panyuzipepala, ndipo unapambana ndiwe. Usunge mawu akowo, ndibwererako.

Bokosi la tiasilikali tija anatipatsa ndi kasitomala wina wa abambo amene ankasamukira kutali. Munali mafelemu a pulasitiki otuwa, mitu payokha, mikono payokha, mfuti zazikulu kuposa eni ake, ndi buku la malamulo lopanda chikuto, lonena za nkhondo za pakati pa nyenyezi zaka zikwizikwi m'tsogolo. Iwe unakonda bukulo, madayisi ndi tepi yoyezera mtunda. Ine ndinakonda kumata ndi kupaka.

Unkathyola ziwalo pafelemu ndi manja, ndipo m'pamene abambo anakutcha Fulumira. Ine ndinkadula ndi lezala, kupala timizere totsalira m'mbali, n'kumata ndi kadontho ka guluu ka pansonga ya singano. Msilikali woyamba amene unamata wekha anatuluka ndi mikono iwiri yakumanzere. Tinaseka mpaka kugwira m'mimba, tinamutcha Mamanzere, ndipo unkalumbira kuti dayisi ikamagubuduzidwira iyeyo siinama.

Penti yeniyeni ya tizidole tinalibe. Tinkatapa yotsala ya chitseko cha shopu, yobiriwira ija, n'kusakaniza ndi yoyera ya mawindo m'chivindikiro cha botolo. Burashi anatipatsa abambo, yochotsera fumbi m'mawotchi, ataimeta mpaka kutsala titsitsi towerengeka. Penti ya chitseko ndi yokhuthala, inkatseka maso a asilikali ena n'kuwasiya ngati ali m'tulo. Zimenezo ndikuzidziwa, sindikufuna wina azichita kundiuza.

Iwe utapita kukagwira ntchito kutali, ine sindinasiye. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndakhala ndikuwonjezera, mmodzi lero, awiri chaka chamawa, mpaka anakwana makumi asanu ndi limodzi kudza anayi. Mtundu wa chitseko uja sugulitsidwa m'sitolo. Ndinkausakaniza ndi diso, Kazembe ataima pafupi kuti ndiziyerekeza.

Abambo atatisiya, shopu inasanduka saluni, chitseko n'kupakidwa pinki. Zida zawo anagawana achibale, ndipo zithunzi zawo ziwiri zija zinawonongeka ndi chinyontho. Dzanja lawo linatsala malo amodzi okha, ndipo malowo ukuwadziwa. Masiku ena ndinkabwera kuchokera kuntchito nditatopa, n'kutenga kagalasi kawo kaja, kuyang'ana mizere ya chala chawo kwa mphindi zochepa, kenako n'kukaphika.

Chaka chatha unandiimbira uli ndi chimwemwe ngati cha mwana. Unati wapeza anzako kumeneko amene amakumana Lamlungu masana kuseri kwa sitolo ina ya zamasewera, patebulo lalikulu lokhala ndi timapiri ndi tinyumba togumuka, ndipo iwe wekha ndiye unalibe gulu lako. Unapempha lathu. Alamu ako anandiuza kuti ndisiyeko Kazembe, koma ndinawayankha kuti gulu siliyenda popanda mtsogoleri. Iwe unalumbira kuti sudzakhudza ngakhale kadontho.

Ndinakulunga aliyense m'tishu, ndinawagoneka m'mathireyi a mazira. Kazembe ndinamuika payekha m'kabokosi ka wotchi ka abambo, pathonje, n'kumanga ndi labala. Tsiku lowatumiza ndinabwerera kunyumba n'kupeza shelefu yopanda kanthu, patangotsala timadontho tozungulira pafumbi pomwe aliyense ankaima. Sindinapukute.

Masabata atatu apitawo mkazi wako anandiimbira. Sankadziwa kuti akuulula kanthu. Ankangodandaula kuti mabotolo ake onse osungira zinthu wamulanda, ndipo khitchini ikununkha mankhwala. Anandifunsa ngati nanenso ndimanyika asilikali anga m'madzi otere. Ndinati anditumizire chithunzi.

Fulumira, chithunzicho ndikanakonda ndikanapanda kuchiona. Pawindo panali mabotolo asanu a madzi akuda, asilikali atamira pansi, miyendo m'mwamba. Pathaulo panali mizere ya ena osukidwa kale, otuwa mbuu ngati tsiku limene anatuluka m'bokosi. Pambali panali mswachi wakale, tsitsi lake litabiriwira. Zaka makumi atatu ndi zisanu zinathera pamswachi.

Ndinakuza chithunzicho ndi zala mpaka ndinamupeza Mamanzere. Ndinamudziwira pamwendo wake wopindika. Mkono wina unali utaudula, n'kumata wakumanja. Unamukonza.

Mkazi wako anazindikira kuti waulula chinsinsi, ndipo anandiuza zonse. Iye analipo Lamlungu lina kuseri kwa sitolo kuja, anabwera kudzakutenga ndi galimoto. Akuti m'gulu mwanumo muli dokotala wina wa mano amene ali ndi makina opopera penti, asilikali ake onyezimira ngati otuluka m'fakitale. Akuti ananyamula mmodzi wa athu, namutembenuza, nafunsa ngati anapakidwa ndi tsache. Onse anaseka. Iwenso unaseka.

Kusekako ndikanakukhululukira, munthu pakati pa anzake amaseka ndi zosaseketsa zomwe. Koma akuti unawonjezera kuti unawagula kwa mayi wina wachikulire amene sadziwa kanthu.

Mayi wina wachikulire. Ndakhala ndikuwatembenuza mawu amenewa monga dokotala uja anatembenuzira msilikali wathu. Uchikulire sindikukana, magalasi awiri aja ndi mboni. Kusadziwa kanthu nakonso mwina n'zoona. Amene akundibaya ndi mawu akuti "wina". Ine amene ndinkakusungira malo pabenchi, amene ndinanama kwa abambo pokuteteza tsiku limene unamata chala chako ndi guluu ku wotchi ya kasitomala, ndinasanduka mayi wina. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Za mlongo sananene, mwina ankayesa kuti n'zodziwikiratu.

Ndikuuze chinthu chimene sindinauzepo munthu. Nanenso ndinkachita manyazi. Ndinkaona zithunzi za anthu ena pafoni, n'kuona kuti athu ndi okhuthala. Ndinaphunzira ndekha kusungunula penti ndi madzi mpaka ikhale ngati mkaka, kupaka kopyapyala kawiri kapena katatu, kuthira mthunzi m'mapindo a zovala. Khumi omaliza aja anali ndi maso, Fulumira, maso enieni okhala ndi kadontho kakuda pakati. Ndinawaika pathireyi yapamwamba dala kuti uyambe kuona iwowo. Ndinadikira chaka chathunthu kuti unenepo kanthu. Nawonso ndawaona pathaulo.

Ukanandiuza kuti anzako akukuseka, ndikanakhumudwa tsiku limodzi, kenako ndikanakuthandiza. Tikanasankha amene angasukidwe ndi amene sangasukidwe. Gululo linali lathu tonse, sindikukana. Koma iwe unasankha kuchita mobisa, n'kumandiuza pafoni sabata iliyonse kuti asilikali ali bwino ndipo akupereka moni.

Tsopano ndiulule langa. Ndamva kuti wakhala ukusakasaka Kazembe nyumba yonse. Akuti unakhuthula mabotolo onse pasefa, unamasula mpope wa sinki, unanamizira mphaka. Akuti tsiku lina mkazi wako anakupeza utakhala pansi m'khitchini, msana utatsamira kabati, sefa ili m'manja. Atakufunsa chifukwa chosakira munthu amene unamumiza wekha, unati sunaone kuti ndi iyeyo, unangowathira onse pamodzi.

Mwina n'zoona. Koma kabokosi ka wotchi sikadzimasula labala kokha.

Kazembe sanasowe. Ndinatuma mkazi wako kuti akubere. Tsiku lomwelo la chithunzi, tili pafoni, ndinamufunsa ngati akuona wa mkanjo wautali. Anamupeza m'botolo lachitatu, momwe unamuika m'mawa wa tsikulo usanapite kuntchito. Anamuvuula ndi supuni, namutsuka ndi madzi ozizira osamupukuta, monga ndinamuuzira. Usamukwiyire. Wakusungira chinthu chimene iwe unalephera kudzisungira.

Chisoti chasendeka, nsapato zayera, ndipo mkanjo wakwinyika m'munsi ngati khungu la pamkaka wowiritsa. Koma theka la chidindo likadalipo. Wanditumizira chithunzi, ndachiyang'ana ndi kagalasi ka abambo ngakhale ndikudziwa kuti pafoni sikathandiza. Chipsera cha lezala chikuoneka. Kazembe ali m'kadirowa ka makina osokera a mkazi wako, kumbuyo kwa ulusi, m'kabokosi kake komwe kaja. Malo amenewo sunafufuzeko chifukwa chiyambireni sunagwirepo singano.

Ndinakusiya uvutike masabata atatu ndikudziwa komwe ali. Ndinkafuna ulawe shelefu yopanda kanthu. Sindikunyadira zimenezi, koma sindinganene kuti ndikupepesa ndi mtima wonse, chifukwa kungakhale kunama, ndipo mabodza m'banja lino akwana.

Paja ndinati ndibwerera ku mawu ako. Chimene chikundipweteka kuposa zonse n'chakuti ndiwe unandiletsa. Ine ndi amene ndinali ndi kansanza ka thina m'manja. Mnyamata wa zaka khumi ndi zinayi anadziwa kuti cholakwika china sichikonzedwa, ndipo anandiphunzitsa ine mkulu wake. Ndikufuna ndidziwe komwe unamusiya mnyamata ameneyo. Ngati nayenso ali m'botolo, muvuule msanga.

Dzulo mkazi wako wandiuza kuti anakuuza zoti achemwali ako akudziwa komwe kuli Kazembe, ndipo kuti yankho ukalimva pamaso, osati pafoni. Akuti unavomera osatsutsa. Ndiye zatheka: Loweruka loyamba la mwezi wamawa mukwera basi ya m'mawa, ndipo alamu ako adzakuchingamirani pasiteji. Papita zaka zisanu ndi chimodzi usanaponde pakhomo pano. Kalatayi ifika iwe usananyamuke, chifukwa sindikufuna udzalowe m'nyumba mwanga usakudziwa chimene ndikudziwa.

Ubwere nawo onse, otuwa choncho, usawapake kanthu. Mkono wakumanzere wa Mamanzere, ngati sunataye, uusake monga unasakira Kazembe. Ine ndayamba kale kusakaniza mtundu wa chitseko, ngakhale popanda woyerekeza naye ukutuluka wotuwirako. Maburashi alipo awiri. Sindikulonjeza kuti ndidzakhala nditakukhululukira ukamafika. Ndikulonjeza mpando pabenchi ndi nyuzipepala yoyala.

Kazembe unyamule ndiwe, m'manja, osati m'chikwama. Penti yake ikadali yofewa, ndipo mkazi wako akuti ukangoigusa imatsatira chala. Ukafuna kumuona, tsegula kabokosi uyang'ane ndi maso okha. Pamkanjo paja anasainapo kale munthu mmodzi, ndipo sadzabweranso kudzasaina kachiwiri.

Undiperekere moni kwa ana, uwauze kuti azakhali awo akuwasowa. Mkazi wako umugulire mabotolo ena, ndipo umuthokoze ngakhale pakamwa pakulemera. Mulungu akusungeni nonse, akuyendetseni bwino panjira.

Ndine mlongo wako,
mayi wachikulire uja, amene kale unkamutcha Napenti.