Amayi Akumwa Buku Lako

Glen Norah, Harare
14 Novembala 2008

Wokondedwa Anderson,

Ndikhulupirira uli bwino ku Mangalandeko, ndipo mbewa zako za mu labu zikudya katatu patsiku. Ife tilipo, poti kumanda nakonso kuli mzere.

Phukusi lako linafika. Amayi analulutira, poyesa kuti ndi mapiritsi a nyamakazi aja tinapempha mu Julaye. Titatsegula, tinapeza buku la digiri yako, lonena za mafosifatezi.

Anati ndiwamasulire, poti nanenso ndinanunkhizako yunivesite ndisanayambe kugulitsa matimati. Ndinawauza kuti asilikali a m'magazi akamva mdani, kachizindikiro kotchedwa fosifeti kamamatidwa pa mapuloteni a m'kati mwawo, nkhondo n'kuyamba. Mafosifatezi ako aja ndiwo amakamatula kuti nkhondo ithe. Akagona pantchito, asilikaliwo amatembenukira mwini thupi, ngati apolisi pamsika, n'kumudwalitsa matenda onga nyamakazi.

Ntchitoyi waidziwadi, mchimwene. Makalata athu anayi anafika kwa iwe, onse unawazimitsa ngati fosifatezi, osayankha.

Amayi anayang'ana zala zawo zopindika, zomwe zinathyola fodya kufamu kuti iwe uphunzire, n'kunena kuti basi, mwana wawo wawapezera mankhwala.

Ukudziwa mmene amakhulupirira madzi opempherera a mapositori. Tsopano m'mawa uliwonse amang'amba tsamba limodzi, kuliviika m'kapu, n'kumwa. Anayambira tsamba lothokoza, pamene watchula pulofesa wako, chibwenzi chako, ngakhale mbewa, koma iwo ayi. Atandifunsa, ndinati dzina lawo lili pamwamba penipeni.

Ndiulule: sindinawaletse. Kuchipatala kulibe dokotala, kulibe piritsi. Ndiwapatse chiyani? Mpango sathanso kumanga okha, koma amauza azimayi onse a mumsewu mwathu kuti akupezako bwino, Dokotala Anderson akuwachiza.

Ndiululenso china. Kolera yavuta, magetsi kulibe, ndiye mitu itatu yapakati ndinakolezera moto wowiritsira madzi awo akumwa. Sayansi yako imayaka bwino. Masamba atsala makumi atatu ndi limodzi.

Tumiza mapiritsi masambawa asanathe. Akatha usanatumize, ndidzawakhazika pampando n'kuwawerengera tsamba lothokoza lija m'Chichewa, dzina ndi dzina. Ndinalikopera m'kope asanalimwe.

Amayi akuti Mulungu akusunge, uzivala juzi. Upereke moni kwa mbewa.

Ndine mlongo wako,
Iris