Kontena ya Alamu

Lolemba, pa 9 Juni

Kompyuta ya muofesi yakana. Kuyaka ikuyaka, kagetsi kobiriwira kalipo, fani ikulira, koma sikulowa. Pagalasi mdima wokhawokha, ndi timizere tiwiri tachingerezi. Ine ndinatolapo liwu limodzi basi: disiki.

Alamu, monga akalaliki, anazimitsa, kuyatsa, kuzimitsa, kuyatsa. Kasanu. Kenako kuimenya m'mbali ndi chikhatho ngati wailesi yakale. Palibe.

Mmenemo muli malipoti a ana a sukulu yonse. Kutsekera ndi Lachisanu la sabata yamawa.

Madamu, eni sukulu, anaima pakhomo n'kufunsa kuti wakolopa muno ndani. Ngati sakudziwa. Wokolopa pasukulu pano ndi mmodzi. Ndinangoyang'ana mopu.

Lachiwiri, pa 10 Juni

Kunabwera aphunzitsi a masamu, amene amati amadziwako. Anazula fulashi inali kumbuyo. Anasintha soketi. Anadinadina batani limodzi mpaka pagalasi panabwera tsamba labuluu. Akuti makinawo sakuiona disiki, mosungira zonse muja, ngati mulibe.

Ndiye alamu amvekere: “Mwina madzi analowa. Mwanayu amathira madzi ambiri pokolopa.”

Mwanayu. Zaka makumi awiri ndi ziwiri.

Kona ya kompyutayo sindinaikolopepo chiyambire Januwale. Anandiletsa ndi iwo omwe, akuti pali mawaya. Chifukwa chenicheni ndikuchidziwa. M'mawa uliwonse amakhazika kontena yawo ya chakudya pamwamba pa bokosi la kompyuta, pa timabowo potulukira mpweya wotentha, kuti pofika masana mpunga ndi msuzi zikhale zofunda. Amaphimba ndi fayelo. Amati chitofu changa, n'kumaseka. Chivundikiro cha kontenayo chinasweka kalekale, chimadontha. Ndikudziwa chifukwa woitsuka kunyumba ndine.

Sindinanene. Ntchitoyi anandipezera ndi iwo. Denga limene ndimagonamo ndi lawo. Achemwali anga, akazi awo, mimba ya miyezi isanu ndi itatu.



Lachinayi, pa 12 Juni

Sindinadye. Sindingathe.

Kunabwera mayi wokonza makompyuta, amene amangomuti a Mawaya. Wamfupi, kachikwama ka zitsulo, osalankhula zambiri. Anamasula timisomali tiwiri, n'kukoka chitsulo cha m'mbali.

Fungo lake! Ngati m'bini mwa kumsika dzuwa litaswa. Kenako mphemvu. Zazikulu, zazing'ono, zina zoyera zongobadwa kumene. Kuthamangira pa tebulo, m'mafayelo, ina pamwendo panga. Madamu anakwera pampando atanyamula siketi. Mkatimo mafuta owuma achikasu, fumbi litamatirira ngati ubweya wa galu wodwala, timazira ta mphemvu m'makona monse. Njere za mpunga zakuda.

A Mawaya ananunkhiza chala. “Madzi okolopera sanunkha anyezi,” anatero.

Ndinaganiza kuti basi zatha. Koma alamu, osaphethira n'komwe: “Ndiye kuti amadyera muno tikatuluka.”

Ine? Ine wodyera kuseri kwa thanki, chiimirire?

Madamu akuti Lolemba tidzakambirana za ntchito yanga. Mawu amenewo ndimawadziwa. Mlonda wakale anawamvanso.

Wochotsa nyansizo ndinali ine ndemwe. A Mawaya anandipatsa kaburashi ndi kansalu, kundionetsa poyenera kukhudza ndi posayenera. Anazula timatabwa tiwiri tobiriwira, kutipukuta, kutibwezera. Sizinathandize. Kenako anandionetsa kachingwe kofiira kochokera ku disiki: kumutu kwake msuzi unalowa, dzimbiri, mphemvu yakufa itaphwatalala pomwepo. Akuti vuto ndi limenelo, disiki mwina ili moyo. Abwera ndi kachingwe kena Lolemba.

Pamwamba pa bokosi pali chizindikiro cha mafuta, cha makona anayi, chakuda m'mbali. Anachiyang'ana, n'kundiyang'ana ine. “Chemwali, mbale yako ndi yamakona?” Anafunsa motsitsa mawu. Yanga ndi yozungulira. Ndinangowabwezera kaburashi kawo.

Ndinasanza kuseri kwa zimbudzi. Ndasamba m'manja kanayi. Fungo likadali m'zikhadabo.

Lachisanu, pa 13 Juni

Alamu andiuza kawiri kuti ndichape pamwamba pa bokosi ndi sopo. Kona yoletsedwa ija lero yaloledwa.

Ndapukuta tebulo, pansi, khoma, mawaya. Pamwambapo ndangobwezerapo fayelo.

Sindikudziwa chifukwa chake. Kapena ndikudziwa.

Lamulungu, pa 15 Juni

Alamu atakhuta, akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi, miyendo pa tebulo: “Mlamu, mawa ungopepesa. Iwe ntchito ya mopu ndikupezera ina. Ine akandichotsa tidya chiyani muno?”

Amati mlamu akafuna chinthu. Masiku ena ndine iwe.

Achemwali anali pomwepo, akupinda matewera. Maso pansi.

Ndinatsuka mbale. Kontena nayo. Mafuta ake sachoka ndi madzi ozizira, amangoterera m'zala.

Ndikachotsedwa ngati wauve ndi wabodza, andilemba ndani? Sukulu ndinalekezera sitandade 8. Chimene ndili nacho n'chakuti pamene ndakolopa ine pamawala.

Lolemba, pa 16 Juni

A Mawaya analumikiza kachingwe katsopano. Batani. Kulira kamodzi, pii. Mdima. Kenako timadontho tozungulira, kenako chithunzi cha sukulu chija. Malipoti onse alimo. Madamu anaomba m'manja.

Atatero anakhala pansi, n'kundiitana. Akuti ndinene chimene ndili nacho asanagamule. Alamu pambali, akundigwedezera mutu pang'onopang'ono.

Ndinatsegula pakamwa. Palibe chinatuluka. Monga nthawi zonse.

Ndiye ndinagwada, n'kusolola kontena imene alamu anaibisa pansi pa desiki, kuseri kwa bini. Ndinachotsa fayelo pabokosi paja. Ndinaikhazika pa chizindikiro cha mafuta.

Inakwana ndendende. Makona onse anayi. Ndipo ngati yatumidwa, kadontho ka msuzi kanatsika pa chivundikiro, kulunjika pa timabowo. A Mawaya anakawakha ndi chala.

“Akalaliki, chitofu chenicheni n'chotchipa kuposa ichi,” anatero, akupukutira chalacho pa fayelo yawo.

Madamu anandiuza kuti ndituluke, nditseke chitseko. Ndinakolopa khonde lomwe ndinali nditakolopa kale. Mawu a Madamu ankamveka mpaka ku sitandade 3.

Lachinayi, pa 19 Juni

Ntchito ndikadali nayo. Alamu nawonso, koma ndi kalata ya chenjezo, ndipo kiyi wa ofesi tsopano amasunga Madamu. Malipoti asindikizidwa dzulo.

Kunyumba zii. Alamu sakundilonjera. Akandiona amatsokomola.

Kontena ili m'beseni chiyambire Lolemba, ndi chakudya chake cha tsiku lija. Yayamba kununkha. Ntchentche zaipeza. Mbale zina zonse ndikutsuka, iyo ndikuilambalala.

Madzulo ano achemwali anaima pakhomo la khitchini, dzanja m'chiuno. “Iwe, iyi sutsuka?”

Ndinati ayi. Liwu linatuluka, lomveka bwino.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinayamba kuganiza kuti chikwama changa chili pati, ndipo ndilowera kuti.

Kenako anaitola ndi zala ziwiri, mphuno atatseka, n'kukaikhazika pamwamba pa nsapato za alamu zopitira kuntchito.