Poto Womanga ndi Waya

Chowa, Kabwe
14 Okutobala 2024

Okondedwa asisi Felistas,

Ndikhulupirira muli bwino ku Chipatako pamodzi ndi amayi, alamu ndi ana. Ine thupi lokha lili bwino. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni inu mumafunsa ngati wapolisi.

Mukudziwa kuti ine ndi Everlyn takhala pachibwenzi zaka zinayi, ndipo mtima wanga wonse unali pa kumukwatira. Mwezi uno anandiuza kuti ndisamusokoneze, ali ndi mayeso ku yunivesite ya Mulungushi. Ine, chitsiru chanuchi, ndinamvera, mpaka kumamupempherera kuti akhoze.

Loweruka ndinaitanidwa ku Highridge kukajambula chilanga mulilo. Ndi mwambo wa Abemba, koma kuno aliyense akuuchita: akuchikazi amaphika zakudya zamitundumitundu n'kupita nazo kwa mkwati, kukamuonetsa zimene azidya m'banja. Mkwatibwi sabwera, amatsala kunyumba. Anandilemba ntchito ndi mkwatiyo, Chansa, munthu waulemu wake, ndipo sindinafunse dzina la mkazi. Wojambula amafunsa malo ndi nthawi basi.

Azimayi anafika ndi ng'oma, atasenza mapoto okulunga m'zitenje zofanana. Anagwada n'kuyamba kuwavundukula ndi mano, ine ndikuyandikiza kamera pa chilichonse: nkhuku yakumudzi, chibwabwa chotendera, kapenta, ndi mphalabungu zimene kuno amati vinkubala. Zitaoneka mbewa, abale a Chansa anafa nalo phwete, nanenso ndinaseka, kunyadira kuti mkwatibwi ndi wakwathu kum'mawa.

Kenaka panabwera poto wa chikanda. Asisi, chogwirira chake chinali chomanga ndi waya wakopa, wopota katatu n'kupindira mkati kuti asabaye munthu. Ndinamanga ndine chaka chatha, nditakhala pakhonde pa amake Everlyn. Nditachotsa diso pa kamera, ndinaona kuti amene agwada patsogolo panga ndi a Vivian, azakhali a Everlyn, omwe masiku onsewa amanditcha mkamwini.

Anandikokera kuseri kwa galimoto.

"Iwe Chiku, nindani anakuitana kuno?"

"Ni a Chansa, anti. Nanga Everlyn si ali ku ma exam?"

"Mwana wanga, osatichitisa nsoni pa bantu. Kopa chabe ma snapu. Tizakamba mailo."

Ndinajambula mpaka kumapeto. Pamene ankamulawitsa Chansa ndinamuuza kuti amwetulire, iye n'kumwetuliradi. Atatha anandipatsa mbale yodzaza, ati wojambula asapite ndi njala. Ndikuululireni, ndinadya chikandacho. Chinali ndi tsabola wambiri monga momwe ndimachikondera ine, ndipo misozi itayamba kutsika, azimayi anandiseka kuti tsabola wandigonjetsa.

Mawa la a Vivian lija silinafikebe, ndipo Everlyn sakuyankha foni. Ukwati uli Loweruka likubwerali. Ndinavomera kale kukajambulanso ndisanadziwe kanthu, ndipo ndilibe choti ndimuuze Chansa, munthu amene sanandilakwire. Ndipita. Ndikufuna Everlyn andiyang'ane kamodzi kokha, ngakhale kudzera m'kamera. Mtima ukundiwawa, asisi, kuwawa kumene sindinakumvepo chibadwire.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Amalume a Zephaniah muwauze kuti ulendo wa Disembala wodzandifunsirira mbeta uja wafa, jekete lawo asavutike kulichapitsa. Amayi musawauze kaye, thupi lawo mukulidziwa. Koma chitenje chimene anagulira mpongozi wawo, chomwe amachitulutsa m'sutikesi kuonetsa mlendo aliyense, mupeze nzeru yoti asoketse diresi yawo ya Khirisimasi. Muwauze kuti mtundu umenewo ukuwakhala iwowo.

Ndine mlongo wanu,
Chikumbutso