Munthu wa Zala Zitatu

Chicago, 9 Marichi 1941

Mwana wanga Alvar,

Uli bwanji ku Duluth kumeneko? Chifuwa chija chinatha? Usamapite kudoko wopanda mpango m'khosi. Ine ndilipo, koma maondowa.

Mng'ono wako Emil akutulutsa buku. Osati timagazini ta mapepala othothoka tija ayi. Buku lachikuto cholimba, dzina lake lenileni pamwamba! Nditamva ndinangokhala pansi pamasitepe.

Paja wakhala akulemba ndi maina ongopeka. Lero nkhani ya wapolisi wosaka chigawenga, mawa za ku Mars. Mwezi wina magazini yonse analemba yekha ndi maina osiyanasiyana, wowerenga wina n'kudandaula kuti wolemba woyambayo amuphunzitseko ntchito wachitatuyo. A Kowalik ogulitsa nyuzi pakona amandiseka, ati kodi ndinabereka ana angati, poti dzina lililonse pachikuto ndimati ndi mwana wanga.

Koma sindiphonya. Ndimawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere. M'nkhani iliyonse ya Emil, zinthu zikafika pothina, pamatulukira munthu wa zala zitatu kudzanja lamanja. Pena ndi woyendetsa galimoto, pena dokotala wa m'chombo cha m'mlengalenga, penanso cholengedwa chobiriwira. Amayamba wakalipa, kenako n'kupulumutsa mnzakeyo. Ndimachita mantha kuti amupha, koma safa.

Nditamufunsa Emil anaseka, ati ndisiye zaupolisi, anthu a ku Mars onse ali choncho. Atatero anayang'ana kuzenera n'kumapukuta magalasi ake osamaliza.

Alvar, zala zako ziwiri zinatsala m'makina a kufakitale utasiya sukulu kuti iye aphunzire. Pamaliro a bambo ako unamuuza kuti unazitayira wolemba mabodza. Chiyambire tsikulo simuyankhulana, ndipo ine sindiona tulo bwino.

Tsopano akufuna kuika dzina lako patsamba loyamba la bukulo, koma akuti sangatero iwe usanalole, ungaone ngati akukunyogodola. Osindikiza amupatsa mpaka kutha kwa mwezi uno, apo ayi tsambalo lituluka loyera. Munthu wa mawu onsewa, akafuna kulembera iwe akusowa ngakhale limodzi.

Ndakutumizira magazini imodzi. Uyambire pamene ndapinda pepala. Ukatha umuyankhe, mwanawe. "Inde" yekha akwanira. Zala zitatu zimagwira pensulo bwinobwino.

Undiperekere moni kwa mkazi wako Signe ndi adzukulu anga. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mayi ako,
Hulda Nyquist