Zimene Ndinaona kwa Kalipentala

Okondedwa Achimwene,

Landirani moni wanga m'dzina la Ambuye. Kodi muli bwanji kumeneko? Nanga msana uja unayamba kukuvutani mutalowa ntchito yonyamula matumba, unasiya? Amayi ndinalankhula nawo pafoni sabata yatha ndipo mawu awo anali amphamvu, koma inu mukuwadziwa, ngakhale mwendo utupe bwanji amangoti ali bwino. Mundiuze zoona zake.

Ine kuno ndili bwino ndipo ntchito ikuyenda. Ndidakali kochapa zovala za chipatala kuja, kungoti anandichotsa ku makina ochapira, tsopano ndili kositira. Timagwira awiriawiri, wina nsonga iyi wina iyo, n'kumalowetsa nsalu zoyala pabedi m'makina otentha kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Kutentha kwake n'kosaneneka, moti siketi ija munkandiseka nayo kuti yandithina tsopano ndimachita kuimanga ndi lamba. Nyumba ndinasamuka chifukwa denga linkadonthera pabedi penipeni. Kumene ndili tsopano zenera linayang'ana kumsewu, phokoso la mabasi ndiye vuto, koma ndazolowera.

Koma si za denga zimene ndatengera cholembera. Khalani pansi, achimwene, ndipo muwerenge mpaka kumapeto musanaing'ambe.

Mukukumbukira tsiku lija, itatsala sabata imodzi kuti ndinyamuke, ndinakupezani mukukonza njinga kuseri kwa nyumba. Ndinakuuzani kuti ndaona alamu, akazi anu, akutuluka m'shedi ya kalipentala wa pafupi ndi msika uja akuseka, ndipo sikanali koyamba. Munandifunsa kuti ndikutanthauza chiyani. Ndinayankha kuti ine ndangonena zimene maso anga aona, zina mudziwa nokha. Itatha miyezi iwiri ndinamva kuti alamu apita kwawo ndi mwana. Tsopano papita zaka zitatu.

Chimene ndinakubisirani ndi ichi. Ndinkadziwa bwino lomwe zimene ankakachita kumeneko. Ankakhometsa mpando wokhala ndi moika mikono kuti amayi asamavutike podzuka, ndipo ankafuna kuti nonse mudzangoona wafika. Anandiuza okha. Ulendo woyamba ndinawaperekeza ndine, ndipo amene anayeza mpando wakale wa amayi ndi chingwe ndine ndemwe. Alamu atakufotokozerani za mpandowo, munandiimbira foni kundifunsa, ine n'kukuyankhani kuti za mpando sindikuzidziwa. Linali bodza, achimwene. Alamu sanakulakwireni.

Chifukwa chake n'chochititsa manyazi. Tsiku lina ndinasiya amayi kuyambira m'mawa mpaka madzulo osawapatsa mankhwala, ndili kocheza ndi anzanga, ndipo alamu anandidzudzula pamaso pa azakhali. Ananena zoona, n'chifukwa chake zinandiwawa. Ndinkangofuna kuti nawonso amveko kuwawa pang'ono. Nditaona kuti moto wakula ndinachita mantha, ndipo m'malo mouzimitsa ndinakwera basi.

Nditafika kuno ndinalowa mpingo umene umasonkhana m'chipinda cha pamwamba pa sitolo yogulitsa matayala. Sindinajombepo. Ndinkafika woyamba, kusesa, kuyala mipando, mpaka anandipatsa udindo wotsogolera mapemphero a amayi Lachinayi. Ndinkaganiza kuti ntchito ikachuluka nkhani ija idzakwiririka. Koma anzanga amene analowa pambuyo panga ndinkawaona akukula, wamkwiyo akufatsa, wamanyazi akuyamba kulimbikitsa odwala, ine ndili pomwepo ngati mwana amene akudya koma sakulemera. Baibulo ndinkawerenga mosankha masamba. Pamene analemba za mboni yonama ndinkadumphapo msangamsanga. Ndikagwada, mawu ankatuluka okoma ndithu, anthu n'kumavomera, koma ine ndinkadziwa kuti akuthera padenga.

Chimene chinanditsegula m'maso ndi mnzanga amene timagwira naye nsalu. Timangomutchula kuti Kaduku, chifukwa duku silichoka kumutu kwake ngakhale kutenthe bwanji. Mwezi wathawu mwamuna wake anamuthamangitsa. Mlongo wa mwamunayo anakanena kuti wamuona akutsika m'galimoto ya kapitawo wathu. Kutsika anatsikadi, koma kunali mvula ndipo m'galimotomo tinalimo amayi atatu, ine ndemwe ndinalimo. Amayi abusa anandituma kuti ndikamuone poti ndimagwira naye ntchito.

Ndinapita Lamlungu masana. Ndinamupeza kwa msuweni wake, akugona pansi ndi ana awiri, zovala zili m'majumbo pakona. Ndinakhala pampando Baibulo lili pamwendo, vesi nditaikonzeratu. Ndisanatsegule anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe umapemphera. Tandiuza, munthu wopasula banja la mnzake ndi pakamwa, akagwada amati chiyani kwa Mulungu?"

Achimwene, ndinangoti tiyeni tipemphere, n'kutsinzina, koma sipanatuluke liwu ngakhale limodzi. Pamapeto pake iye mwini ndiye ananena ameni kuti andimasule. Mayi uja ankafuna munthu womugwira dzanja, ndipo amene anamutumizira anali chigoba chabe. Nditatuluka ndinakakhala pamalo okwerera basi, mabasi atatu n'kundidutsa ndikuwaona.

M'mawa mwake nditaweruka ndinapita kwa amayi abusa n'kuwauza zonse, osasiyako. Sanandikalipire, komanso sanandisisite. Anati Mulungu amakhululukira wolapa, zimenezo ndisakayike, koma kusesa m'tchalitchi sikungayeretse dzina la mayi amene wakhala kwa makolo ake zaka zitatu anthu akumuloza chala. Anandifunsa kuti ndichitapo chiyani. Udindo wa Lachinayi uja ndinayamba ndautula, ndipo ndinautula ndekha, palibe anandikakamiza.

Nambala ya alamu ndinaipeza kwa azakhali. Ndinawaimbira n'kunena zonse monga ndalembera muno. Anandimvetsera osandidula. Nditamaliza anangoti, "Ine ndikudziwa kale kuti sindinalakwe. Amene sakudziwa ndi achimwene ako." Ndiye anadula foni. Akunena zoona, n'chifukwa chake kalata ino ili m'manja mwanu.

Kaduku ndinamuuzanso za bodza langali, tili pantchito. Anasiya nsonga yake, nsalu n'kulowa m'makina chokhota, kapitawo n'kutikalipira tonse awiri. Sabata yonse anapempha kuti azigwira ndi wina, ndipo sindinamuone wolakwa. Lolemba linalo anabwera yekha, n'kugwira nsonga yake osandiyang'ana, n'kunena kuti ndimuperekeze kwa mlamu wake uja, poti ine ndikudziwa mmene mtima wa munthu wotero umalankhulira.

Tinapita. Sindinalalikire. Ndinamuuza kuti m'galimoto muja ndinalimo, kenako ndinamuuza za ine ndi alamu anga, ndi mmene zaka zitatuzi zakhalira. Mawu ankabwera okha. Mayiyo anatithamangitsa, chitseko n'kutimenyetsera kumbuyo, koma patapita masiku awiri anaimbira foni mlongo wake, mwamuna wa Kaduku uja. Kaduku sanabwererebe kunyumba kwake, sindikunamizani, koma akumana kawiri ndi mwamuna wake ndipo ana akupita kukaona bambo awo. Chibwerereni kuno, aka n'koyamba kuti ndithandize munthu pa chinthu chenicheni, ndipo zatheka nditasiya kubisa.

Musaganize kuti ndikulemba ndikulira. Kulira ndinalira kale. Ndikudziwa kuti Mulungu wandikhululukira, ndipo ndikagwada tsopano sindichitanso manyazi ndi mawu anga. Ndikudziwanso kuti inu simungandikhululukire msanga, ndipo sindikukufulumizitsani. Akuluakulu amati madzi akatayika sawoleka. Zaka zitatu za mwana wanu sindingazibweze. Koma dzina la alamu likhoza kuyera, ndipo woyambitsa ndife.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite kwawo kwa alamu inuyo, osati pafoni, osatinso kutuma munthu. Mutenge amalume kuti akhale mboni, ndipo mukawerenge kalata ino mokweza pamaso pa makolo awo, osadumpha mzere ngakhale umodzi wonena za ine. Ngati mukukayika, mudutse kaye kwa kalipentala uja mukamufunse amene anabwera ndi chingwe choyezera. Nayenso tinamuipitsira mbiri, ndipo kwa iye ndidzapita ndekha. Musakayambe ndi kupempha kuti alamu abwerere. Zimenezo adzasankha okha, ndipo akakana tidzawamvetsa. Mukangonene kuti munamvera mlongo wanu ndipo mlongo wanuyo ananama. Inunso muli ndi mawu anu oti mukapepese, koma amenewo sindingakulembereni.

Amayi ndiwauza ndekha Lamlungu likubwerali, kotero kalata ino ikamakupezani adzakhala atamva kale. Muwayang'anire, ziwapweteka. Tchuthi changa chili miyezi iwiri kutsogoloku ndipo ndikubwera, ndidzanene ndi pakamwa panga kulikonse kumene bodza langa linafika. Mukaona kuti simungandilandire m'nyumba mwanu, ndidzafikira kwa azakhali, musavutike nazo.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa amalume ndi banja lawo lonse, kwa azakhali, ndi kwa asuweni athu onse. Mwana wanu mukamuona mukamunyamule m'malo mwanga, ndikumva kuti wayamba sukulu. Kwa alamu sinditumiza moni kudzera mwa inu. Mawu anga munawanyamulapo kale kupita nawo kwa iwo, ndipo anali oipa. Moni wawo ndidzakawapatsa ndekha, ngati adzandilole kulowa pakhomo.

Ambuye akusungeni ndi kukupatsani mphamvu pa ulendowo.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa m'nyumba mwathu