Kaputeni Wolira ndi Dimba Langa

Lolemba, 13 Januwale

Ku Nsipe, kwa mwana wanga Yoramu. Ng'ala ya diso lamanzere achotsa, likuona. Choyamba kuchiona bwino, tivi. Chachiwiri, kuti Yoramu wanenepa.

Masana Mervis, mkazi wake, amandiikira kanema wa zigawozigawo wa pa fulashi. Womasulira m'Chichewa ndi mwamuna mmodzi, mawu a onse ndi iye, ngakhale a akazi. Nkhani yake: dziko lapsa, anthu athawira kumwamba m'chombo chachikulu kuposa tchalitchi cha ku Nzama. Mpweya wopuma ndi wochepa. Wogawa mpweyawo ndi Kaputeni. Wokongola, tsitsi lopesa nthawi zonse, kumalo kopanda madzi ndi sopo yemwe.

Lachitatu, 15 Januwale

Kaputeni wasiya nkhalamba ina pamwala wopanda udzu, akuti mpweya usungike. Analira mpaka mamina. Atamaliza, n'kusamukira m'chipinda cha nkhalambayo, chifukwa chili ndi windo. Mervis akuti ndi munthu wabwino, zinthu zangomukakamiza. Ine ndakhala ndikuwerenga. Walira katatu, katatu konse wapindula.

Amene ndamukonda ndi mkazi wa khungu lobiriwira, wakuba. Akamugwira sapita m'mbali, amangoti ndinachifuna. Wotereyu ukhoza kumusiyira nkhuku. Umadziwiratu kuti isowa imodzi, ndipo akuuza yekha kuti inali yonona.

Loweruka, 18 Januwale

Nyama kawiri sabata imodzi. Ndimadabwa. Lero mwini nyama watulukira: pepala. Yoramu akufuna dimba langa la mpunga la ku Sharpevale lilowe m'dzina lake, aikemo pampu ya sola. Dzina langa ndimalemba ndekha, koma iye akufuna ndidinde chala, akuti chala munthu sachikana mawa. "Ndi zothandiza tonsefe, Amayi." Maso ake ananyowa. Ndinayang'ana tsitsi lake. Lopesa.

Dimbalo ndinalandira kwa amayi anga, ndipo kwathu munda umatsata mwana wamkazi. Ndi la Janeti, mlongo wake. Yoramu akudziwa bwino lomwe.

Ndinati diso silinapole, ndingadinde polakwika. Anavomera. Zigawo zatsala zisanu.

Lachiwiri, 21 Januwale

Janeti waimba foni. Mbande zakula, madzi afika, nthawi yowokera ikutha. Wafunsa ndibwera liti. Ndati adokotala andiletsa matope. Adokotala sananene zimenezo. Matilesi akuno ndi ofewa, komanso wobiriwira uja amutsekera, mawa akumuweruza.

Nditadula foni, chisoni. Mwana wanga yekhayekha m'matope, mwamuna alibe. Misozi inatsika m'diso latsopano lomweli. Ndinaipukuta n'kuuza Mervis akweze mawu, sindimamva bwino.

Kaputeni katatu, ine kamodzi.

Lachinayi, 23 Januwale

Fulashi yasowa. Chigawo chomaliza chili momwemo. Yoramu akuti mwina akumbukira pomwe anaisiya, koma mutu wake sukugwira chifukwa cha nkhani ya pepala. Inki wagula kale, waisiya pamwamba pa tivi. Mwana wobereka ndekha, woyamwa mpaka zaka zitatu, lero akundigawira mpweya.

Mervis atapita kumsika ndinatsegula kabokosi ka inki kaja. Ndinakayang'ana nthawi yaitali. M'kope langali sindinganame: chala chinayabwa.

Lolemba, 27 Januwale

Kwathu. Ndinakwera minibasi Loweruka, Yoramu ali kushopu. Ngati wobiriwira uja anamupha kapena anamusiya, kaya. Mapeto sindinaone.

Janeti wawokera dimba lonse yekha, masiku asanu. Msana sukuwongoka, miyendo yang'ambika. Panjira ndinali nditakonza mawu okoma, akuti ndathawa nyama ndi matilesi chifukwa chomukonda. Sanandilole n'komwe kufika pakati. Za pepala anamva kale kwa Mervis, pamodzi ndi zoti adokotala anga anali tivi.

"Musanditamande, Amayi. Ndawokera kuti mukadinda, achimwene adzazule mpungawu ndi manja awo anthu akuona. Dimbali ndikulifuna." Diso louma gwaa. Kenako anandipatsa madzi osamba.

Mawa m'mawa tikupita kwa alembi a komiti ya madzi, dzina lake lilembedwe ndikadali moyo. Kumeneko ndidinda popanda wondigulira nyama.

Yoramu waimba kanayi, sindinayankhe. Kachisanu ndiyankha. Ndi mwana wanga ndithu. Komanso diso lakumanja layamba chifunga, ndipo wagalimoto yopitira kuchipatala m'banja muno ndi yemweyo.

Foni ikuliranso.