Fomu ya Katemera wa Willie

Edmonton, London
12 Febuluwale, 1978

Achemwali anga a Etta,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, miyendo ija ikuwalola kupita kumunda? Kalata ino ndapatsira Charity, mnzanga wa ku Chipata amene akupita kwawo kumaliro. Iye apeza munthu wodutsa pa Mchinji kuti akupatseni pamanja. Za ku positi mukuzidziwa kale, makalata amatsegulidwa.

Kuno tili moyo, koma taona zovuta. Lizzie anadwala chifuwa chokoka mtima kutatsala sabata imodzi kuti tidye Khirisimasi. Matendawa agwira ana ambiri mumzinda muno. Ankatsokomola mpaka milomo kuda, kenako n'kusanza, kenako n'kungoti zii, ine ndikumugwedeza kuti apume. Anamugoneka m'chipatala masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Willie, wa miyezi inayi yokha, achipatala anandiletsa kumuyandikiza kwa mlongo wake, choncho ndinkadikira bambo ake aweruke ku fakitale ya mipando kuti ndikwere basi kukamuona Lizzie. M'wodi monse munalibe woti n'kulankhula naye Chichewa. Ngakhale Lizzie yemweyo ndikamufunsa m'chinenero chathu amayankha m'Chingerezi. Pano anatuluka, akudya, ndipo dzulo anathamanga pabwalo, koma waonda kwambiri.

Pali chimene sindinakuuzenipo. Lizzie sanabayidwe katemera wa chifuwachi, ndipo amene anasaina kukana ndine.

Mukumbukira kwathu ku Nsipe, galimoto ya achipatala ikabwera aphunzitsi ankangotiika pamzere, aliyense n'kupinda mkono wa malaya. Panalibe wofunsidwa. Kuno sizili choncho. Lamulo lokakamiza katemera akuti analichotsa kalekale. Nesi amabwera pakhomo ndi fomu, n'kukuuza kuti mwana ndi wako, usankhe wekha. Nthawi imene Lizzie anali khanda, manyuzipepala ndi wailesi zinadzaza ndi nkhani yakuti katemerayu akuwononga ubongo wa ana ena. Mayi wina wachizungu wokhala m'zipinda zapansi za nyumba yosanja imene timakhalamo ali ndi mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene salankhula, sayenda, ndipo iye amalumbira kuti zinayamba atangobayidwa. Madokotala ena amatsutsa. Ine ndinalibe womufunsa.

Amuna anga a Flywell anakana ndithu. Mukudziwa kuti anatuluka m'dziko lakwathu wapansi chifukwa chokana kukakamizidwa, ndipo anati dziko limene limafunsa munthu asanamugwire mwana ndi dziko labwino, iwo sangataye mwayi wonena kuti ayi. Ine sindinawatsutse. Kunena zoona, nanenso zinandikomera kuti boma landifunsa maganizo anga. Ndinatenga cholembera n'kusaina.

Tsiku limene Lizzie anavutika kwambiri kupuma, nesi wamkulu wa m'wodi anatsegula khadi lake, n'kundiyang'ana. Sanandikalipire. Anangoti chinali chisankho changa ndipo ndinali ndi ufulu wotero. Achemwali, bola akanandikalipira.

Tsopano fomu ina yabwera, ya Willie. Ili pamwamba pa kabati sabata yachitatu ino. A Flywell kuyambira pamene Lizzie anadwala salankhula zambiri. Akaweruka amakhala pafupi ndi bedi la mwanayo kumvetsera mmene akupumira. Nditawafunsa za fomuyo anati sanasinthe maganizo pa nkhani ya lamulo, boma lisamakakamize munthu. Ndinati sindikufunsa za boma, ndikufunsa za Willie. Anati, “Mayi a Lizzie, ine ndinalakwitsa kamodzi. Sankhani inu.”

Ndiye zatsalira ine. Kumpingo ku Ilford timakumanako a Malawi ochepa, koma aliyense amasamala pakamwa, sudziwa amene amatumiza nkhani kwathu. Charity yekha ndiye ndinkamasuka naye, koma anasamukira ku Romford kumene anapeza ntchito kuchipatala, ndipo timaonana mwa apo ndi apo.

Lachinayi ndinapita kwa dokotala wa kukiliniki, bambo wachikulire wodekha. Anati iye akanakonda Willie abayidwe, chifukwa khanda likagwidwa ndi chifuwachi nthawi zina silipulumuka. Koma anandifunsa ngati kumtundu kwathu kuli munthu amene anadwalapo khunyu kapena matenda okomoka ali mwana, poti zikakhala choncho katemerayu sapereka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene ayi, koma ndinakumbukira mlongo wathu Goodwell.

Ndinali ndi zaka zisanu pamene anamwalira. Ndimakumbukira amayi atamunyamula, thupi lake likunjenjemera, inu mukundikokera kuseri kwa nkhokwe. Palibe amene anandiuzapo chimene chinamutenga. Kodi anali malungo okha, kapena ankagwa kale asanadwale?

Pempho langa ndi limenelo. Ndikudziwa kuti amayi salitchula dzina limeneli, ndipo ndikukusenzetsani katundu wolemera. Koma kawafunseni, muli awiri, modekha. Ngati sangathe kuyankha, pitani kwa azakhali a Petronella, iwo analipo. Charity anyamuka ku Chipata pa 20 Malichi, ndipo yankho mulitumize kwa mlongo wake Crispin wogwira ntchito kusitolo ya mabuku ya mishoni. Dokotala wavomera kudikira mpaka Pasaka. Mukati kunalibe khunyu, ndidzasaina tsiku lomwelo n'kumutengera Willie ndekha kukiliniki. Yankho likapanda kufika sindikudziwa chimene ndidzachite, ndipo sindifuna kukunamizani kuti ndikudziwa.

Mundiperekere moni kwa alamu a Felton, kwa azakhali, kwa amalume ku Balaka ndi kwa ana anu onse, makamaka Edna amene ndinamusiya akukwawa, pano akuti ali ku sekondale. Amayi muwauze kuti Lizzie anadwala ndipo anachira, zina zonsezi zikhale pakati pa ife awiri. Muwauzenso kuti Willie ali ndi mpata wa pachibwano ngati wa malemu abambo, ndipo kuno kulibe wina amene angauzindikire koma ine ndekha.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Bessie